Chuku Choyera m'Dimba la Mfumukazi Mvuu

Padangokhala, inu muziti tili tonse, padali mudzi wa nyama umene unkalamulidwa ndi Mfumukazi Mvuu. Mayiyu adali wamtima wabwino, wosakonda milandu, ndipo chimene ankanyadira koposa chidali dimba la mudzi. Chaka chimene ndikunenachi chimanga cha kumunda chidapserera ndi ng'amba, choncho maso a onse adali pa nyemba za m'dimbamo. Nyembazo zikadalephera, njala ikadalowa m'nyumba iliyonse osaodira.

Nduna ya mfumu, yemwenso adali kapitawo wa dimba, adali Njiri. Njiri ulesi sankaudziwa, koma kumva za mnzake sankakudziwanso. Ankati dimba la mfumu lisamaoneke dothi, motero nyemba adazidzala mothithikana, kuli thithithi, ngakhale mphepo kusowa polowera. Mfumukazi naye, pofuna kuthandiza anthu ake, ankabwera madzulo alionse madzi ali tho m'kamwa, n'kuwawaza pamwamba pa nyembazo ngati mvula. Masamba ankagona chinyowere mpaka m'mawa, ndipo onse ankaomba m'manja kuthokoza.

M'mphepete mwa dimbalo munkakhala Kapuku, kambewa kakang'ono, mayi wamasiye wolera yekha ana. Sankayambana ndi munthu. Mlendo wake wa tsiku ndi tsiku adali msuweni wake Gologolo, wa lilime lakuthwa ndi manja aatali, amene ankadziwa nthawi yophula ndiwo ya nyumba iliyonse m'mudzimo. Kapuku ankamunena kuti ndi mbava, koma mbale ankamuikira.

Nyemba zitachita maluwa, m'mawa wina amayi a Nkhanga popita kukatchola khwanya adapeza zina zili lobodo, ngati zathiridwa madzi otentha. Patsinde padali chuku choyera mbee ngati thonje, tsindelo litafewa ndi kuola. Adakuwa, mudzi wonse n'kuthamangirako. Njiri adafukula thonjelo ndi mphuno, ndipo mkatimo adapezamo tinthu takuda bii, tolimba, totalika pang'ono.

"Timanyi ta mbewa!" adafuula. "Ndani sakudziwa timeneti? Ndani mbewa amakhala pafupi ndi dimba?"

Maso onse adatembenukira kwa Kapuku.

Pabwalo Kapuku adagwada, ana atamuunjirira.

"Amayi athu," adatero kwa mfumu, "nyemba zimenezi n'zomwe ana anga akuyembekeza. Ndingaipitse bwanji mbale yomwe ndikudyera?"

"Umboni ndi uwu," adatero Njiri, akutambasula tsamba lokhala ndi tinthu takuda tija. "Walodza dimba. Awoloke mtsinje lero lomwe, iye ndi ana akewo."

Kutsidya kumene ankanenako kudali kwa a Vumbwe ndi a Kadzidzi. Mbewa yopita kumeneko sinkaona mwezi wina. Mfumukazi adausa moyo, adayang'ana uku ndi uku, nafunsa ngati padali wina woti amuyankhulire mayiyo. Kenaka Gologolo adatsika mumtengo, akupukusa mchira. Kapuku adapuma. Adati mumtima, chibale ndi fupa, wanga wafika.

"Mfumu," adatero Gologolo, "a Nduna akunena zoona. Mfiti ndi yomweyi. Ine ndimadya kwawo, ndikumudziwa."

Kapuku adakokera ana ake pafupi.

"Koma kumupirikitsa n'kulakwitsa," adapitiriza Gologolo. "Mfiti ikakhala kutali ndiye imalodza bwino. Muvundikireni dengu pachulu cha m'dimba, iye ndi ana, mutsindike mwala, aliyense asamukhudze. Ine ndili ndi misampha itatu. Ukakanika woyamba, wachiwiri ugwira. Ukakanika wachiwiri, wachitatu sulephera. Msampha uliwonse mtengo wake ndi lichero la mtedza wa m'nkhokwe ya mfumu."

"Ngakhale pamaliro iwe umayamba wafunsa za nsima," adatero Mfumukazi. Komabe adavomera, poti kupirikitsa ana ang'onoang'ono sikunkamukomera.

Basi Kapuku ndi ana adavundikiridwa dengu lalikulu, mwala pamwamba. Poyang'anira pake padali timipata ta nsungwi, ndipo zonse za m'dimba ankaziona.

M'mawa mwake Gologolo adaitana mudzi wonse.

"Msampha woyamba ndi moto," adatero. "Nyemba iliyonse yovala thonje izulidwe yonse, ndi dothi la patsinde pomwe. Musaikutumule. Ikani mumtanga woyala masamba a nthochi, kuti kanthu kakuda ngakhale kamodzi kasagwe. Kakagwa kamodzi, mfiti ithawira pomwepo."

"Tikataye kudzenje la manyowa," adatero Njiri, amene sankakonda kuwononga kanthu.

"Ha, a Nduna! Mukufuna kumusungira mankhwala ake, kenaka chaka chamawa muwanyamule nokha pamutu kubwera nawo m'dimba? Tikatenthe kutali uko. Motowo ukagwira, muona mchira wa mwiniwake ukufuka utsi."

Njiri maso adawala. Adagwira ntchito ngati walipidwa ng'ombe. Kuti manja ayendere limodzi, Gologolo adayambitsa nyimbo. Iye ankatsogolera ndi mawu oitana mwini thonje loyera kuti abwere adzatenge nsalu yake moto usanaidye, ndipo onse ankavomera ndi dzina la Kapuku, kawiri, mogwirizana ndi kuzula kwa manja. Nyimboyo idali yokoma, ndipo n'chimene chidamupweteka Kapuku koposa. Ngakhale ana ake m'dengumo adayamba kuing'ung'uza.

"Khalani chete!" adawakalipira. "Simukumva kuti akutukwana mayi wanu?"

Atamaliza kuzula, Gologolo adalamula kuti makasu atsukidwe, mapazi asambidwe, kuti mankhwala asatsate munthu kupita kumizere ina. Moto udayatsidwa, ndipo onse adazungulira chulu kudikira utsi. Kapuku ankadziwa kuti sadalakwe, komabe mantha ndi mantha: adagwira mchira wake kuti amve ngati ukutentha. Udali wozizira.

"Wakhwima mayi ameneyu," adatero Gologolo akupukusa mutu. Adasenza lichero lake la mtedza n'kumapita.

Kutacha, Kapuku adapeza mtedza wosenda kale utakankhiridwa pansi pa dengu. Adaganiza kuti mwina ndi amayi a Nkhanga amva chisoni. Adagawira ana, nathokoza mwini wakeyo chamumtima. M'mawa uliwonse zidali chomwecho.

Padapita masiku, chuku chija chidabukanso, makamaka pakati pa dimba pamene nyemba zidakumbatirana kwambiri. Njiri adafika kwa Gologolo akupuma mwaukali.

"Msampha wako uja wagwira mphepo!"

"Mphepo ndiyo tikuifuna tsopano," adayankha Gologolo. "Mwini chuku ali m'dengu, koma amatuma chithunzithunzi chake. Chimakwawa pansi pa masamba pamene diso silifika. Msampha wachiwiri ndi njira. Patulirani nyembazi, pakati pa mzere ndi mzere pakhale mpata woti munthu ataima kuno aone mnzake kutsidya. Chisoso, bonongwe ndi udzu wonse zichoke. Zodwala zipite kumoto monga kale."

"Tizule nyemba zamoyo?" adafunsa Njiri. "Zimene ndidadzala ndi manja angawa?"

"A Nduna, mukufuna masamba kapena mukufuna mfiti?"

"Mfiti!"

"Ndiye zulani."

Adazula. Nyemba zabwinobwino zimene zidapatulidwa sizidatayike, amayi adatchola khwanya, mudzi wonse udadya ndiwo tsiku limenelo. Nyimbo ija idabweranso, koma Gologolo adasintha mawu otsogolera. Tsopano ankaitana mphepo kuti ikhale mlonda wa mfumu, iyende mzere ndi mzere, ivundukule aliyense wobisala. Ovomera ankayankha ndi dzina lomwe lija, kawiri, makasu akugwa pamodzi.

Gologolo atadutsa pafupi ndi chulu, Kapuku adaika pakamwa pa kampata.

"Msuweni, ndidakulakwira chiyani? Ndi mbale iti imene ndidakumana?"

Njiri adali pafupi. Gologolo sadacheuke.

"Tseka pakamwa, mfiti iwe! Uyankhula pabwalo."

Kapuku adabwerera pakati pa ana ake, misozi ili chuchuchu. Alonda adaikidwa kumapeto kwa mizere, adayang'ana mpaka maso kufiira, koma chithunzithunzi sadachione. Gologolo adasenza lichero lachiwiri.

Tsiku lina Kapuku adadzuka kusanayere bwino, poti mwana wamng'ono ankatsokomola. Adamva tswatswa kunja. Atasuzumira adaona kadzanja kakukankha mtedza pansi pa dengu, umodziumodzi, ndipo kumbuyo kwake kudali mchira waubweya umene akadauzindikira ngakhale pakati pa michira chikwi. Mwini mchirayo atamaliza adayang'ana uku ndi uku, nathawa.

Kapuku adakhala pansi. Adayang'ana mtedza, adayang'ana dimba. Nyemba zimene zidatsala zidaima chilili, masamba akugwedezeka ndi mphepo. Adakumbukira kuti tsiku la mlandu lija anyamata ena adatola miyala, ndipo chidawaletsa ndi lamulo lakuti aliyense asakhudze dengu. Adakumbukira moto, adakumbukira njira. Pa misampha yonseyo panalibe umene udamugwira iye, koma yonse idagwira chuku.

"Mbava iwe," adanong'ona, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Mbava yanga iwe."

Ana adafunsa chimene chachitika. Iye adangoti adye, ndipo ngati akufuna kuimba nyimbo ija, aimbe.

Chuku chidachepa, koma sichidathe. Chinkatulukabe kumbali imene Mfumukazi ankaimirira powaza madzi madzulo. Gologolo adaitanitsa bwalo m'dimba momwemo, pafupi ndi chulu.

"Msampha wachitatu ndi mapazi," adatero. "Chithunzithunzi sichioneka, koma chimasiya mapazi pafumbi. Vuto n'lakuti madzulo alionse mvula ya Amayi imafufuta zonse. Kuyambira lero madzi asagwerenso pamasamba. Tikumbe ngalande pakati pa mizere, madzi aziyenda pansi, nyemba zizimwera kumizu. Ndipo tizithirira m'mawa, kuti dzuwa likamapendeka pamwamba ponse pakhale pouma."

Palibe amene adayesapo kuuza Mfumukazi kuti asiye chinthu. Mayiyo nkhope idagwa.

"Ana anga," adatero pang'onopang'ono, "khasu sinditha kugwira. Ndikalowa m'mizere ndimaponda mbewu. Kuwaza madziku ndi chokhacho chimene ndimakuchitirani. Mundilandenso chimenechi?"

Njiri adayang'ana pansi. Ena adayamba kung'ung'udza kuti Gologolo wafika pamwano. Kapuku adaona msuweni wake akukanda khutu, ndipo adadziwa kuti akakanda khutu ndiye kuti mawu amuthera. Adadziwanso kuti chimene ankafuna kuchitacho chikadatha kumuwolotsa mtsinje. Adayang'ana ana ake, nakuwa ndi mawu onse amene kambewa kangakhale nawo:

"Amayi athu, musamumvere! Musasiye kuwaza madzulo! Chonde, wazani kwambiri, masamba azigona onyowa!"

Njiri adadumpha.

"Mwamva? Mwamumva nonse? Akuopa mapazi ake! Mfumu, msampha ndi umenewu. Makasu, anyamata!"

Gologolo adacheukira kudengu kanthawi kochepa, diso limodzi litatsinzina. Kenaka adagwadira Mfumukazi.

"Amayi, ngalande popanda madzi ndi dzenje chabe. Ife tikati titunge ndi zikho, dzuwa lilowa tisanathirire mzere umodzi. Ndani wina angadzaze ngalande ndi kamwa limodzi? Muziima kumutu kwa dimba m'mawa, muzitsanulira pansi, madziwo adziyendera okha."

Mfumukazi adaganiza, kenaka adamwetulira. Ngalande zidakumbidwa tsiku lomwelo. Nyimbo idamveka kachitatu, mawu otsogolera akulangiza madzi kuti aziyenda chokwawa ngati mkamwini pamaso pa apongozi, asakweze mutu, asakhudze chovala cha mwini nyumba. Ovomera adayankha ndi dzina la Kapuku monga kale, koma ulendo uno mawu ena ang'onoang'ono ankavomera nawo kuchokera m'dengu.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse Mfumukazi ankatsanulira madzi m'ngalande, Njiri n'kumayenda mzere ndi mzere mphuno ili pansi kufuna mapazi. Mapazi sadawapeze, koma poyendapo ankaona msanga nyemba iliyonse yoyamba kudwala, n'kuizula isanapatsire inzake. Maluwa adasanduka zitheba, zitheba zidakhwima, ndipo dimba limene anthu adalilira lidayamba kulira lokha ndi makoko ouma mphepo ikaomba.

Nthawi yokolola itafika, Njiri adapita kwa mfumu.

"Nyemba tapulumutsa, koma mlandu suola. Mapazi sitidawaone, komabe tonse tidamumva ndi makutu athu akupempha madzi a madzulo. Awoloke."

Bwalo lidasonkhana pachulu. Kapuku adakumbatira ana ake. Gologolo adafika mochedwa, atanyamula tsinde louma la nyemba, lotuwa ngati fupa.

"A Nduna, ili ndalipeza lero kumapeto uko, lidakubisalani. Inu maso anu ndi akuthwa. Taonani ngati pali bowo pamene kanthu kangalowere."

Njiri adalitembenuza uku ndi uku, adalinunkhiza.

"Palibe bowo."

"Ngakhale la nyerere?"

"Ndati palibe!"

"Ling'ambeni."

Njiri adaling'amba ndi dzino. M'kati mwa tsindemo mudagona tinthu takuda tija, titandandalika ngati ana pamphasa.

"Tsono tiuzeni, a Nduna," adatero Gologolo, "ndi mbewa iti imene imalowa m'nyumba yopanda khomo, yopapatiza ngati udzu, kukadzithandiza m'menemo, n'kutuluka osasiya bowo? Komanso mbewayo ili pansi pa mwala umene mudatsindika inu nomwe? Dulani kanthu kakudako kamodzi muone."

Njiri adadula kamodzi. Kunja kadali kakuda, m'kati koyera.

"Izi si za mbewa," adatero Gologolo. "Ndi mbewu ya chuku chomwecho. Chikadya nyemba n'kukhuta, chimamanga timbewu timeneti. Timagwera m'dothi n'kugona zaka, kudikira malo onyowa, amthunzi, opanda mphepo. Ine ndaba m'madimba ambiri, Amayi, kuno ndi kutsidya, ndipo wakuba amayang'anitsitsa kuposa mwini munda. Kulikonse kumene ndidachiona chuku chimenechi, mbewu zidali zothithikana ndi zogona ndi madzi."

Mfumukazi adayang'ana timbewu tija, nati:

"Ndiye kuti madzi anga aja..."

"Madzi anu ndiwo akhwimitsa nyemba zonsezi, Amayi. Adangosintha njira."

"Nanga bwanji sudanene tsiku loyamba lomwe lija?" adafunsa Njiri, mawu atatsika.

"Ndikadati zulani nyemba zanu, tenthani, patulirani, uzani mfumu isiye kuwaza, poti watero Gologolo wakuba mtedza, mukadandimvera? Mukadandithamangitsa ndi miyala, msuweni wanga n'kuwoloka, nyemba n'kuola. Koma nditati tigwire mfiti, mudagwira ntchito mpaka misana kuwawa."

Wina adayamba kuseka kumbuyo, kenaka bwalo lonse lidaphulika. Amayi a Nkhanga adafunsa za kukuwa kwa Kapuku kuja, ndipo Gologolo adati umenewo sudali msampha wake, udali wa msuweni wake, ndipo ndi umene udagwira nyama yaikulu.

Njiri sadaseke. Adapita pachulu, adachotsa mwala, navundukula dengu. Paja Njiri amagwada pakudya pokha, koma tsiku limenelo adagwada pamaso pa kambewa.

"Mayi, ndidakulakwirani. Ndidaona chakuda n'kutchula dzina lanu. Pepani."

Kapuku adatuluka miyendo ili dzanzi. Adafuna kunena zambiri, koma atayang'ana mitanga ya nyemba itandandalikidwa, ndi ana ake ali moyo, onenepa ndi mtedza wa mfumu, mkwiyo udasowa pokhala.

"Dzukani, bambo," adatero. "Nyembazi mwazipulumutsa ndi msana wanu. Zikomo."

Adatembenukira kwa Gologolo, adagwada n'kuomba m'manja mwaulemu, monga amachitira kwa akuluakulu. Gologolo, amene sadachitepo manyazi chibadwire, adabisa nkhope kumchira.

"Iwe, dzuka, anthu aziti ndakalamba."

Mfumukazi adauza Kapuku kuti atchule chipepeso chilichonse chimene akufuna. Kapuku adati mutu wake udakali m'dengu, amupatse nthawi aganize. Gologolo adalangizanso kuti pamalo pamenepo pasadzalidwe nyemba kwa zaka zingapo, koma chimanga kapena mapira, poti chuku chimenechi sichidya mbewu za mtundu wa udzu, ndipo timbewu take tikasowa chakudya timafera m'dothi. Nyemba zisamukire kumalo ena. Onse adadziwa kuti Gologolo amakonda chimanga chachiwisi kuposa china chilichonse, koma poti malangizowo adali oona, adavomera akuseka.

Tsono Njiri ndi Njiri. Chimene wachigwira amachigwira ndi mano onse. Atamva kuti chuku chimakonda mthunzi, adayamba kuona mdani pamthunzi uliwonse. Malo atsopano a nyemba atasankhidwa, adapeza kuti m'mbali mwake muli mkuyu, ndipo m'mawa wina adafika pamenepo ndi anyamata onyamula nkhwangwa. Mumkuyumo ndimo mudali nyumba ya Gologolo, ndipo mkazi wake adali ndi ana akhanda osatsegula maso.

"A Nduna, taimani!" adakuwa Gologolo ali panthambi. "Mtengo uwu uli ndi mizimu!"

"Bodza."

"Muli njuchi zolusa!"

"Bodza. Lilime lako talidziwa tsopano. Udanena wekha kuti chuku chimakonda mthunzi. Kapena lidalinso bodza limenelo?"

Gologolo adakanda khutu. Nkhwangwa yoyamba idalira patsinde, kho!

Kapuku adamva kulirako ali pakhomo pake. Sadafunse munthu. Adathamanga mpaka kudziwe kumene Mfumukazi ankapumula, nafika ali wefuwefu.

"Amayi athu, chipepeso chija ndaganiza."

"Nena, mwana wanga. Nkhokwe? Munda?"

"Mkuyu umene akudula a Njiri. Ukhale wanga, kuyambira kumizu mpaka kunsonga."

Mfumukazi adamuyang'ana, adamvetsa, ndipo adamukweza pamutu pake. Adayenda mofulumira moti nthaka inkagwedezeka. Atafika adangoti, "Njiri, nkhwangwa pansi. Mtengowu uli ndi mwini."

Njiri adamva nkhani yonse, nadandaula kuti mthunziwo uoletsanso nyemba. Kapuku adatsika pamutu pa mfumu.

"Mukunena zoona, bambo, ndipo ine dengu sindikulifunanso. Sadzani nthambi zoloza kudimba, dzuwa la m'mawa lizifika pansi. Mizere yoyamba iyambire patali pang'ono. Koma nthambi imene ili ndi mphako ya Gologolo isakhudzidwe, muli alendo anga."

Njiri adayeza ndi maso, adaona kuti zitheka, ndipo adasadza nthambizo yekha mosamala, kuopa kudzidzimutsa makanda.

Anthu atabalalika, Gologolo adatsika pang'onopang'ono. Adaima pamaso pa Kapuku, manja akusowa powaika.

"Msuweni, akadakupatsa nkhokwe yodzaza. Ana ako akadadya mpaka chaka chamawa. Iwe wasankha mtengo wa nkhuyu zodzaza nyerere?"

"Nkhokwe imatha," adatero Kapuku. "Ndipo nkhokwe siingandinamizire ufiti kuti ndikhale moyo."

"Ndikuthokoze bwanji?"

"Iwe ukudziwa kuthokoza? Ingokumbukira kuti tsopano ukukhala mumtengo mwanga. Nkhuyu zikapsa, zoyamba uzigwetsera pansi, ana anga atole."

"Zoyamba zimakhala zowawasa. Ndiziyamba ndalawa ine."

"Mbava!"

"Mfiti!"

Adaseka mpaka kugwirana mapewa. Madzulo a tsiku lomwelo Kapuku adasamutsa ana ake, nakumba una watsopano pakati pa mizu ya mkuyuwo, ndipo atangomaliza, nkhuyu yakupsa bwino, yopanda dzino la munthu, idagwa pakhomo pake, phu!

Yanga yathera pamenepa. Amene adakwirira chinangwa paphulusa akachifukule, chisanasanduke khala.